Mmene Mayi Mwanahalima Anakaonera Pepala la Mwana Wawo

Aliyense amene anakwerako basi pa depoti ya Nkhotakota zaka zimenezo anawaonako Mayi Mwanahalima, ngakhale osawadziwa dzina. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kanyumba ka matikiti, atafunda mpango woyera kumutu, patsogolo pawo pali beseni la zitumbuwa za mpunga. Sankaitanira malonda. Anali munthu wamfupi, wa mawu apansipansi, ndipo amene ankawaona akunjuta popereka moni kwa ashehe sakanaganiza kuti mayi ameneyu tsiku lina adzakautsa fumbi m'maofesi a yunivesite.

Anabadwira ku Linga, m'banja lakalekale la Chisilamu. Bambo awo anakana kuwatumiza kusukulu ya mishoni poopa kuti mwana angabwereko ndi dzina lina. Choncho anaphunzira ku madrasa kokha. Zilembo za Chiarabu ankaziwerenga bwinobwino, koma za Chizungu ankangoziona ngati nyerere zoyenda papepala. Amene anapita kusukulu anali mlongo wawo Zaidi, chifukwa anali mwamuna komanso wamakani. Zaidi anakhoza mpaka kusankhidwa kupita ku yunivesite, m'zaka za chipani chimodzi, ndipo mudzi wonse unamuperekeza kudoko. Asanamalize anabwerera ndi sutikesi yake, atauzidwa kuti walephera mayeso. Ena ankanong'ona kuti sanalephere ayi, koma kuti anayankhula zosayenera pamene panali makutu a boma. Palibe amene anakafunsa. Masiku amenewo kufunsa kunali kuitanira Landirova ya apolisi pakhomo. Zaidi anatha moyo wake akusoka maukonde a anthu ena ku Chia, akudziyankhulira yekha Chingerezi, mpaka chifuwa chinamutenga.

Mayi Mwanahalima anakwatiwa ndi a Rashid, otsitsa katundu padoko, amene anamwalira mwana wawo Sabrina ali ku pulaimale. Ana ena onse anapita ali makanda, anatsala ndi Sabrina yekhayo. Mtsikanayu anali wofatsa ngati mayi ake, wosakonda zoyendayenda, koma m'kalasi anali ngati moto wa lupsa. Anapita ku sekondale, ndipo chaka cha riferendamu anasankhidwa kukachita sayansi ku yunivesite. Zitumbuwa zomwezo ndizo zinamugulira sopo, nsapato ndi bulangete.

Chaka choyamba chinayenda bwino. Pa tchuthi chotsekera chaka chachiwiri, zotsatira zinabwera kudzera ku positi. Maphunziro ena onse anakhoza, koma Kemisitiri anagwa moipa, moti anauzidwa kuti asabwererenso. Ophunzira a kumeneko ankati kuwidedwa, ndiye kuti kuzulidwa ngati udzu m'munda.

Sabrina sanalire. Analowa m'nyumba, nagona choyang'ana kukhoma. Chakudya ankangochilawa. Mayi ake akamufunsa, yankho linali limodzi.

"Amayi, ine ndinalemba. Sindikuti ndinakhoza zonse, koma sindinalephere chonchi. Ndinalemba."

Sabata inatha, ina n'kuyamba. Tsiku lina masana Mayi Mwanahalima akuchokera ku depoti anamva mwana wawo akuyankhula m'chipinda. Anaganiza kuti kwabwera mlendo. Atasuzumira anapeza ali yekha, maso ali kudenga, akubwereza mawu a Chingerezi. Mawu otero mayiyo anawamvapo kale, pamchenga wa ku Chia.

Alamu awo, a Adamu, mkulu wake wa malemu a Rashid, anabwera Lachisanu atachoka ku mzikiti. Anakhala pampando, navula kofia, nayankhula mwachifundo ndithu.

"Alamu, zimene Mulungu walemba munthu safufuta. Mwanayu waphunzira kokwanira. Kuli mnyamata wabwino ku Dwangwa, amagwira ntchito kufakitale ya shuga, amaswali, samwa. Tisadikire kuti mwana aonongekere m'nyumba."

"Ndamva, alamu," anatero mayiwo. "Zolemba Mulungu sindikutsutsa. Koma izi analemba ndi munthu, ndi bolopeni."

Madzulo a tsiku lomwelo anapita kwa a Raston, aphunzitsi a pulaimale amene anayandikana nawo nyumba, omwe anamuphunzitsa Sabrina Sitandade 8. Anawafunsa ngati pali njira yoti munthu aone pepala la mayeso likachongedwa.

A Raston anaseka, koma osati monyoza. "Mayi, ndamvapo kuti masiku ano wophunzira atha kudandaula kuti pepala alichongenso. Koma kuliona ndi maso? Ine chibadwire sindinamvepo. Pepala likalowa m'manja mwa aphunzitsi akuluakulu aja, ndiye kuti lalowa m'manda."

"Aphunzitsi, tsiku lija tinavota, mavoti anawerengera kuti?"

"Pasukulu pathu pomwepa."

"Ine ndinaliko. Ndinasuzumira pawindo. Anatsegula bokosi anthu a mbali zonse akuona, pepala lililonse kulikweza m'mwamba. Mapepala ochotsa boma anaonetsedwa. Nanga la mwana wanga lili ndi chiyani choposa amenewo?"

A Raston anati, "Mukapita, mukavale nsalu yanu yabwino."

Ananyamuka ndi basi ya m'mawa, mayi ndi mwana. Sabrina poyamba anakana, ati akachita manyazi pamaso pa anzake, koma mayi ake anamuikira zovala m'chikwama. Mayi Mwanahalima anali asanapitirireko Salima chibadwire. Basi itasiya nyanja kumbuyo n'kuyamba kulowa pakati pa mapiri, anagwira tasibihi yawo, mikanda yopempherera, osaisiya mpaka kufika. Malo ogona anawapeza kwa mayi wina wa kumzikiti wa mumzinda wa yunivesiteyo, amene anawalandira atangomva kuti ndi a ku Nkhotakota.

Yunivesite inawaopsa. Nyumba zosanjikana, udzu wometedwa ngati mutu wa mwana, atsikana ovala mathalauzi akuyenda mothamanga ndi mabuku. Sabrina anawatsogolera ku ofesi yoona za ophunzira, koma pakhomo anaima. Mayi ake ndiwo anagogoda.

Kalaliki amene anawalandira anali munthu waulemu. Anawamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafotokoza kuti mwanayo alembe dandaulo, komiti idzakumana nthawi yake ikakwana, ndipo yankho lidzatumizidwa kumudzi.

"Nanga pepalalo?" anafunsa mayiwo.

"Pepala sitionetsa, mayi."

"Lamulo limakana?"

Kalalikiyo anakanda kumutu. "Kunena zoona, sindinaonepo lamulo lokana. Komanso lololeza palibe. Sizichitika basi."

"Zikomo, bambo. Ndiye ine ndidikira panja, mwina lolola libadwa."

Anatuluka, nayala chitenje pakhonde la nyumba ya sayansi, moyang'anizana ndi masitepe, nakhala pansi atatambalala. Sabrina anakhala pambali pawo atazolika. Nthawi ya swala ikakwana, mayiwo ankapita kumpopi kukatawaza, kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, n'kubwerera kudzaswali pakona ya khondelo. Dzuwa likapendeka ankapinda chitenje chawo n'kumapita, m'mawa n'kubweranso. Alonda anayesa kuwachotsa, koma munthu wosatukwana, wosakuwa, amene akukupatsa moni wa ulemu n'kukufunsa za ana kunyumba, umamugwira pati?

Mbiri inawanda. Masiku amenewo ophunzira anali atangolawa ufulu, ndipo sankachedwa kutenga nthambi za mitengo n'kulowa mumsewu. Anyamata a bungwe la ophunzira, amene anali pasukulupo pokonzekera kutsegulira, anabwera gulu. Mtsogoleri wawo anagwada bwinobwino.

"Amayi, nkhani yanu ndi yathu. Tingolankhula kamodzi, sukulu yonse ibwera pano. Aona polekera."

"Ana anga, Mulungu akudalitseni. Koma ine sindinabwere kudzaswa magalasi. Mukachita phokoso, iwo adzayankha phokosolo, ine funso langa lidzakwiririka. Ndisiyeni ndikhale."

Anyamatawo anachoka akupukusa mitu, koma kuyambira tsiku limenelo pankapezeka wina wobweretsa tiyi ndi buledi pakhondepo.

Mphunzitsi wa Kemisitiri anali Dokotala Tedson Alufandika, bambo wamtali, wa imvi m'mbali mwa mutu, amene ophunzira anamupatsa dzina loti Chikwakwa chifukwa cha kuchuluka kwa amene anagwa pa phunziro lake. M'mawa uliwonse ankadutsa pakhondepo osacheuka, ndipo m'mawa uliwonse Mayi Mwanahalima ankati, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Tsiku lina dokotalayo anafika pa sitepe yoyamba, naima, nabwerera.

"Ndinu mayi ake a mtsikanayu?"

"Ndine, bambo."

"Mukuti ndinamulakwira mwana wanu?"

"Sindinatero. Ine sindidziwa, ndipo kusadziwako ndiko kwandibweretsa. Ngati analephera, aone yekha pamene anapunthwa, kuti adzuke azipita. Panopa wagwa koma sakudziwa chamugwetsa. Ndinali ndi mlongo wanga amene anabwezedwa ku yunivesite kalekale. Mpaka tinamuika m'manda, iye ndi ife tonse osadziwa ngati analepheradi. Uyu sindimusiya atero."

Dokotalayo anayang'ana Sabrina, nayang'ananso mayiwo.

"Ndaphunzitsa zaka zambiri," anatero pang'onopang'ono. "Ondilirira ndawaona, onditukwana ndawaona, ena kundiopseza ndi mankhwala. Wopempha kungoona pepala ndi inu oyamba. Mukudziwa kuti likatsegulidwa, mwina muona zimene simukufuna?"

"Ndikaziona ndikuthokozani, ndipo ndikwera basi."

Bamboyo anakwera masitepe. Zimene anakakambirana ndi akuluakulu anzake m'mwambamo palibe akudziwa, koma mawa lake kalaliki uja anatsika yekha, nkhope ili yodabwa, kudzanena kuti akuitanidwa.

Chipindacho chinkanunkha ngati chipatala. M'mashelefu munali mabotolo a madzi amitundumitundu, kutsogolo kuli bolodi lalikulu. Dokotala Alufandika anali atakhala pa tebulo pamodzi ndi mphunzitsi wina wamkazi wovala magalasi, amene anaitanidwa kuti akhale mboni. Mayi Mwanahalima anafuna kukhala pansi monga mwa mwambo, koma dokotalayo anaimirira nawakokera mpando. Kenako anatulutsa kabuku ka chikuto chobiriwira m'envulopu, ndipo m'malo mopatsa Sabrina, anakapereka kwa mayiwo ndi manja awiri.

Anakalandira ngati khanda. Anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Sanawerenge liwu ndi limodzi lomwe, koma dzanja analidziwa, lopendekera kumanzere ngati mpunga wowombedwa ndi mwera. Masamba onse anali odzaza mpaka m'mphepete. Panali manambala okwerana, mivi yoloza uku ndi uku, ndi zojambula zonga zisa za njuchi, zolumikizana chimodzi ndi chinzake. Mwana amene ankamutuma kukasinjitsa mpunga, amene ankamukalipira akapsereza mafuta, zonsezi zinatuluka m'mutu mwake pa m'mawa umodzi? Pamwamba pa zolembazo panayenda inki yofiira, pena kachizindikiro kakang'ono, pena mzere wautali.

Anapereka kabukuko kwa mwana wawo.

Anayamba ndi funso loyamba. Dokotala ankaloza ndi bolopeni, akufotokoza m'Chingerezi, Sabrina akutsatira. Posakhalitsa mtsikanayo anagwira pakamwa.

"Apa ndinalakwadi," anatero m'Chichewa, motsitsa mawu. "Amayi, apa ndinasokoneza ndekha."

Funso lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu anakhoza theka. Mayiwo anaganiza za ulendo wobwerera, za a Adamu, za amayi a pa depoti amene adzafunse. Komabe ataona nkhope ya mwana wawo anazindikira kuti yasintha. Maso amene masiku onsewa ankangoyang'ana kukhoma tsopano ankathamanga papepala, ndipo ankagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza pamene minga inalowera. Mayiwo anati mumtima, ngakhale zithere pomwepa, sindinayende pachabe.

Kenako anafika pa funso lomaliza, limene linali ndi malikisi ambiri kuposa onse. Masamba awiri athunthu anali atadulidwa ndi mzere wofiira kuchokera pakona mpaka pakona. Dokotala anayankhula mwachidule, n'kuyamba kutseka kabukuko. Sabrina anaika dzanja pamwamba pake.

Anayankhula mawu amodzi a Chingerezi, ndipo amenewo ngakhale mayi ake anawamva. Anakana.

Dokotala anakweza nsidze. Sabrina anaimirira, napita kubolodi, natola choko. Anajambula chisa choyamba, kenako chachiwiri. Ankalemba akuyankhula, mawu akukwera, osati mwamwano, koma ngati munthu amene akulondolera mlendo njira ya kwawo. Dokotala anamudula. Iye anayankha osatembenuka, choko chikugogoda bolodi. Dokotala anaimirira, natenga choko china, nalemba zake pambali mwaukali mpaka chinathyoka. Sabrina anadikira kuti amalize, kenako anajambula muvi kuchokera pa zake kukafika pansi pa za dokotalayo, nazunguliza pamene ziwirizo zinakumana.

Mayi Mwanahalima anali atasiya kuwerenga tasibihi. Mwanayu kunyumba sankayang'ana munthu wamkulu m'maso. Akabwera a Adamu ankayankhulira kuseri kwa chitseko. Lero anaima chilili pakati pa mabotolo, fumbi la choko lili pampango wake, akubwezerana mawu ndi munthu amene sukulu yonse inkamuopa, m'chiyankhulo chimene mayi ake sankachidziwa. Mayiwo anachita mantha, koma sanali mantha a Landirova aja. Anali ngati amene anawagwira ali mtsikana, tsiku limene anakwera bwato koyamba n'kufika pakati pa nyanja pamene mtunda suoneka mbali zonse.

Mphunzitsi wamkazi uja anali akulemba mofulumira papepala lake. Atamaliza analikankhira kwa dokotala. Dokotala analiwerenga, navula magalasi, napita kukaima pafupi ndi bolodi, manja ali kumbuyo. Anaima nthawi yaitali, akutsatira mzere uliwonse ndi maso kuyambira pamwamba. Atatembenuka, sanayankhule kwa Sabrina kapena kwa mnzakeyo. Anayankhula kwa mayiwo, m'Chichewa.

"Mayi, mwana wanu anadzera njira ina, imene ine sindinaphunzitse m'kalasi. Anakaipeza yekha m'mabuku. Pochonga, nditaona kuti si njira yanga, sindinaitsate mpaka kumapeto. Ndinangodula. Koma yafika pomwe imafika yanga. Pamenepa wolakwa ndine."

Anakhala pansi, natenga bolopeni yofiira yomweyo, nakhwatcha nambala imene analemba yekha, n'kulemba ina pambali. Anasaina, mboni nayonso inasaina.

Mayi Mwanahalima anali ndi zaka zopitirira makumi asanu. Anaonapo mafumu, ashehe, akuluakulu a chipani, madokotala a kuchipatala cha boma. Munthu wamkulu wonena kuti wolakwa ndine, pamaso pa mwana ndi mayi wogulitsa zitumbuwa, popanda womukakamiza, anali asanamuonepo.

"Musasangalale msanga," anapitiriza dokotalayo. "Ngakhale ndawonjezera, sanakhozebe. Mafunso oyamba aja analephera ndithu. Koma malikisi awa si ochotsera munthu sukulu. Ndikanena ku komiti, ndipo ikavomereza alemba mayeso obwereza, amene anawa amati sapu. Ndipo sindidzamumvera chisoni."

"Musamumvere," anatero mayiwo. "Alhamdulillah. Chisoni si chimene tinabwerera."

Potuluka, anyamata a bungwe aja anali atadzaza pakhonde. Anafuna kuwanyamula mayiwo m'mwamba, koma iwo anawakaniza ndi dzanja. Popita kokwerera basi, Sabrina anadabwa kuona kuti mayi ake akutsalira m'mbuyo. Anaima kuti awadikire.

"Tsogola," anatero iwo. "Ndikufuna ndizikuona."

Komiti inavomereza. Sabrina analemba sapu nakhoza, osati mopambana kwambiri, koma mokwanira. Anamaliza maphunziro ake, ndipo anapeza ntchito yoyeza madzi a m'mijigo ndi m'zitsime, kuyendayenda m'midzi kuyambira ku Salima mpaka ku Dwangwa pa njinga yamoto, chipewa cholimba chili pamwamba pa mpango. A Adamu, amene poyamba anakwiya kuti mawu awo ananyozedwa, anadzakhala oyamba kuuza alendo kumzikiti kuti mwana wa mng'ono wawo anagonjetsa dokotala pabolodi. Akatero Mayi Mwanahalima ankawakonza. Ankati palibe anagonja, ndipo mafunso awiri mwanayo analephera.

A Raston anawafunsapo kuti, popeza Chingerezi sachimva, anaona chiyani m'chipinda muja. Mayiwo anaganiza kaye.

"Aphunzitsi, mwana uja ndinamubereka kumsana, ndinamusambitsa, ndimadziwa chipsera chilichonse pathupi pake. Ndinkayesa kuti ndimamudziwa. Tsiku limene lija ndinaona kuti Mulungu anandisungitsa munthu amene sindinkamudziwa kukula kwake. Mpaka lero ndikamapereka madzi osamba kwa iye, manja amachita ngati ndikupereka kwa mlendo wolemekezeka."

Nkhaniyi inayenda m'mbali mwa nyanja monse, ndipo poyenda inkakula. Ena ankati mayiwo anagona pakhonde mwezi wathunthu osadya, ena ankati anayankhula Chiarabu dokotala n'kugwa pansi. Anthu anayamba kubwera kudzawafunsa nzeru pa nkhani zosiyanasiyana, za malo, za penshoni, za chipatala. Ambiri ankawabweza, ati iwo si loya.

Chaka china kunabwera bambo wa ku Kanyenda, mlimi wa chinangwa, atapalasa njinga kuyambira m'mamawa. Mwana wake wamwamuna anali atabwezedwa ku koleji ina. Bamboyo anavula chipewa, nawapempha kuti apite nawo, chifukwa iye sadziwa kuyankhula ndi anthu ophunzira.

"Mwanayo akuti chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Akuti analemba bwino."

"Mwamuyang'ana m'maso ponena zimenezo?"

"Ndamuyang'ana."

"Ndiye mutengeni mupite naye. Ine sindikakuthandizani kanthu, ngakhale kwa wanga sindinayankhe funso ndi limodzi lomwe. Inu mukapemphe mwaulemu, ndipo musakachoke. Akakutsegulirani, mukakhale chete, mwanayo akadziyankhulire. Mwina mukapeza kuti analepheradi. Mukapeza choncho, mukathokoze, ndipo musakamukalipire panjira."

Bamboyo anavomera, navala chipewa, nagwira njinga yake. Atayenda pang'ono mayiwo anamuitana.

"Bambo a ku Kanyenda! Mutenge juzi. Kumapiri kuja simenti yake imazizira, si ngati mchenga wakwathu kuno."